Kudzipangira kiyibodi ya kompyuta pamanja: amacita bwanji, ndipo cifukwa ninji?

M'maiko ambiri a ku Ulaya, America ndi Asia muli anthu amene analeka kugula kiyibodi ya kompyuta m'sitolo. M'malo mwake amagula tizipangizo tating'onoting'ono, ndipo akaweruka ku nchito amakhala pa thebulo n'kumalumikiza batani lililonse ndi waya, kufikira atapanga kiyibodi yogwirizana ndi manja ao.

Makiyibodi amenewa saoneka ngati aja tinazolowera m'maofesi. Ena ndi ogawika pawiri, mbali ina ya dzanja lamanzere, ina ya dzanja lamanja. Ena ndi olowa mkati ngati mbale. Ambiri ali ndi mabatani ocepa kwambiri, mwina 42 cabe, pomwe kiyibodi wamba imakhala ndi mabatani 104 kapena 105.

Ambiri amacita zimenezi monga cinthu cowasangalatsa pa nthawi yao yopuma. Koma kwa ena nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pamenepo. Mlembi, mtolankhani, wowerengera ndalama kapena wolemba mapulogramu a kompyuta amadya cifukwa ca zala zake. Manja akayamba kuwawa kapena kucita dzanzi, nchito imene imadyetsa banja imakhala pa ngozi. Ndi cifukwa cake m'pofunika kumvetsa kumene luso limeneli linacokera, m'mene limagwirira nchito, ndiponso malire ake.

Kumene kiyibodi wamba inacokera

Maonekedwe a kiyibodi imene tigwiritsa nchito lero ndi akale kuposa kompyuta yeniyeniyo. M'caka ca 1868, Christopher Latham Sholes wa mumzinda wa Milwaukee ku America, pamodzi ndi anzake, analandira cilolezo ca umwini wa makina otaipira. Kampani ya Remington, imene inali kupanga mfuti ndi makina osokera, inayamba kugulitsa makinawo mu 1874. Ndondomeko ya zilembo yochedwa QWERTY, kutengera zilembo zisanu ndi cimodzi zoyambirira za mzere wapamwamba, inacokera pa makina amenewa.

Pa makina akalewo, batani lililonse linali pamwamba pa kamtengo kapena kacitsulo kataliko kamene kanali kupita kumbuyo kukakankha cilembo kuti cimenye pepala. Kuti tizitsuloti tisagundane, panafunika kuti mzere uliwonse wa mabatani usendezedwe pang'ono kumbali poyerekeza ndi mzere unzake. Ndi cifukwa cake mpaka lero cilembo ca A sicili pansi penipeni pa Q, ndipo Z sicili pansi penipeni pa A.

Kiyibodi ya kompyuta ilibe tizitsulo timeneti. Komabe mizere inakhalabe yosendezeka, popeza otaipa anali atazolowera kale, ndipo masukulu anali kuphunzitsa motero. Mwa njira imeneyi, manja a anthu a lero akutsatirabe zofuna za makina a zaka 150 zapitazo.

Cimene cimacitika m'manja

Amene amataipa ndi zala zonse angathe kudziyesa okha. Ikani manja onse awiri pa mzere wapakati wa kiyibodi, ndipo muone m'mene akhalira.

Coyamba, mapewa a munthu ndi otalikirana, koma kiyibodi imafuna kuti manja akhale pamodzi pakati. Kuti zala ziyang'ane kutsogolo, dzanja lililonse limapindikira kunja, ca kumbali ya kacala kakang'ono. Caciwiri, zikhatho zimayang'ana pansi kotheratu, ndipo zimenezi zimacititsa kuti mafupa awiri a mkono apingasane. Cacitatu, kiyibodi ikakhala yokwera kumbuyo, dzanja limapindikira m'mwamba pamfundo pake.

Pamfundo ya dzanja pali kanjira kopanikizika kamene mumadutsa zingwe 9 zokoka zala, pamodzi ndi mtsempha umene umacititsa kuti cala cacikulu, ca mkombaphala, capakati ndi mbali ina ya cala cacinai zizimva kukhudza. Mtsempha umenewu ukapanikizika, munthu amamva dzanzi kapena kubaya ngati singano, makamaka usiku. Madokotala amacha bvutoli carpal tunnel syndrome.

Palinso nkhani ya kugawana nchito pakati pa zala. Zala zazikulu ziwiri, zimene ndi zamphamvu, zimangogawana batani limodzi lokha, lija lalitali losiya mpata pakati pa mau. Pomwepo kacala kakang'ono ka kudzanja lamanja, kamene ndi kofooka, kapatsidwa Enter, Shift, Backspace ndi zizindikiro zambiri, ndipo kamayenera kutambasuka kutali kuti kazifikire.

Amene anayamba kusintha zinthu

Maganizo ofuna kukonza kiyibodi si atsopano. Mu 1936, August Dvorak wa ku America analandira cilolezo ca umwini wa ndondomeko ina ya zilembo, imene inaika mavawelo onse asanu pa mzere wapakati. Iye anasintha malo a zilembo, koma maonekedwe a makina anakhala omwewo.

Amene anasintha maonekedwewo ndi mai Lillian Malt, katswiri wophunzitsa anthu kutaipa, pamodzi ndi injiniya Stephen Hobday a ku Britain. M'zaka za m'ma 1970 iwo anapanga kiyibodi yochedwa Maltron, yokhala ndi maenje awiri olowa mkati, limodzi la dzanja lililonse, ndi mabatani angapo pansi pa cala cacikulu ciliconse. Popeza bolodi la magetsi lathyathyathya silikanatha kutsatira kupindika kumeneku, mabatani ake anali kulumikizidwa ndi waya pamanja. Mu 1992 kampani ya Kinesis ya ku America inatulutsa kiyibodi yofananako, ndipo mu 1994 Microsoft inayamba kugulitsa Natural Keyboard, imene inadziwitsa anthu ambiri za kiyibodi yogawika pakati.

Makiyibodi olowa mkatiwo anali okwera mtengo, ndipo anali a msinkhu umodzi kwa aliyense. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2010, pamene tizipangizo tolamulira tinatsika mtengo, makina osindikiza zinthu za pulasitiki a 3D anafala, ndipo anthu anayamba kugawana mapulani ao kwaulere pa intaneti. ErgoDox, yogawika pawiri, inachuka kuciyambi kwa zaka zimenezo. Mu 2014 Phil Hagelberg anapanga Atreus ya mabatani 42. Mu 2015 Matt Adereth anaonetsa Dactyl, imene pulani yake ndi pulogramu ya kompyuta: munthu amasintha manambala a kupindika ndi kutalika kwa mizere, ndipo pulogramuyo imatulutsa cithunzi ca cikombole coti asindikize. Kucokera ku Dactyl kunabadwa Dactyl Manuform, imene ambiri olumikiza pamanja amapanga masiku ano.

Zofunika kuti kiyibodi ipangike

Cinthu coyamba ndi maswichi. Makiyibodi ochipa a m'maofesi ali ndi mphira umodzi waukulu pansi pa mabatani onse, ndipo munthu amayenera kukanikiza batani mpaka pansi kuti cilembo cituluke. Kiyibodi imene tikukambayi ndi yosiyana: batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, yokhala ndi sipuling'i ndi tizitsulo tiwiri timene timagundana mkati.

Mtundu wodziwika kwambiri ndi Cherry MX, umene unayamba kupangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980. Batani lake limatsika mamilimita 4, koma cilembo cimatuluka likangofika ca pa mamilimita 2, motero palibe cifukwa comenyera batani mpaka pansi. Maswichi ofiira amatsika mosalala, a mtundu wa khofi ali ndi kamfundo kamene cala cimamva, ndipo abuluu amalira akafika pa mfundoyo. Lero makampani a ku China monga Gateron ndi Kailh amapanga maswichi a msinkhu womwewo pa mtengo wotsikirapo.

Caciwiri ndi mbale imene maswichi amakhalapo. Swichi iliyonse imafuna bowo la mbali zinai zofanana la mamilimita 14, ndipo kucokera pakati pa batani lina kufika pakati pa linzake pamakhala mamilimita 19.05. Timano ta swichi timagwira bwino mbale yocindikala mamilimita 1.5. Mbale ingathe kukhala ya citsulo, ya pulasitiki kapena ya thabwa, koma ikacindikala kwambiri swichi imafunika kumatidwa ndi guluu.

Cacitatu ndi kacipangizo kolamulira, kamene ndi kakompyuta kakang'ono ngati cala. Kwa zaka zambiri anthu akhala akugwiritsa nchito Pro Micro, imene ili ndi malo 18 olumikizirapo mawaya a mabatani. Mu 2021 kunatuluka Raspberry Pi Pico, imene inali kugulitsidwa madola 4 a ku America ndipo ili ndi malo 26.

Zina zotsala ndi madiode, imodzi pa batani lililonse, waya wa mkuwa, zibvundikiro za mabatani, ndi cingwe columikiza mbali ziwirizo. Zida zake ndi zomwezo zimene okonza mawailesi ndi mafoni pa msika amagwira tsiku ndi tsiku: soldering iron, waya wa solda, kapulayala kodulira ndi mita yoyezera magetsi.

Cinsinsi ca mizere

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti: ngati kacipangizo kali ndi malo 18 cabe, kangamve bwanji mabatani 60 kapena kuposerapo?

Yankho lake ndi lakuti mabatani salumikizidwa limodzilimodzi. Amaikidwa m'mizere yopingasa ndi mizere yotsika, ngati mipando ya m'kalasi. Swichi iliyonse ili ndi miyendo iwiri. Mwendo umodzi umalumikizidwa ku waya wa mzere wopingasa, winawo ku waya wa mzere wotsika. Munthu akakanikiza batani, mawaya awiriwo amakumana pamalo pamenepo.

Kacipangizo kolamulira kamacita monga mphunzitsi woitana maina. Kamafunsa mzere wopingasa woyamba, n'kuona ngati pali mzere wotsika umene wayankha. Kenaka kamapita ku mzere waciwiri, wacitatu, mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Kamacita zimenezi kokwana mazana ambiri pa sekondi imodzi. Ngati pofunsa mzere waciwiri payankha mzere wotsika wacinai, kamadziwa kuti batani limene lakanikizidwa ndi la pamphambano imeneyo.

Motero mabatani 60, oikidwa m'mizere 5 yopingasa ndi 12 yotsika, amafuna mawaya 17 cabe. Pa kiyibodi yogawika ya mabatani 42, mbali iliyonse ili ndi mabatani 21: mizere itatu ya mabatani 6, ndi mabatani atatu a cala cacikulu amene amapanga mzere wacinai. Pamenepo mawaya 10 akwanira.

Nchito ya diode

Njira ya mizereyi ili ndi bvuto limodzi, ndipo ndi limene limapangitsa kuti pafunike madiode.

Tiyerekeze mabatani anai amene ali pa ngodya zinai, pamene mizere iwiri yopingasa ikumana ndi mizere iwiri yotsika. Munthu wakanikiza atatu nthawi imodzi. Magetsi sasankha njira. Amapita kulikonse kumene kwatseguka. Angathe kudutsa pa batani loyamba, kubwerera cammbuyo kudzera pa laciwiri, n'kutulukira pa lacitatu. Kacipangizo kolamulira kakafunsa, kamaona ngati batani lacinai nalo lakanikizidwa, pomwe palibe walikhudza. Pa kompyuta pamatuluka cilembo cimene munthu sanalembe. Amisiri a makiyibodi amati batani lotere ndi mzukwa.

Diode ndi kacipangizo kamene kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, monga vavu ya tayala la njinga imalolera mpweya kulowa koma osatuluka. Ikaikidwa pa swichi iliyonse, njira yobwerera cammbuyo ija imatsekeka, ndipo munthu angakanikize mabatani ambiri nthawi imodzi popanda cisokonezo. Mtundu umene ambiri amagwiritsa nchito ndi 1N4148, kagalasi kofiirira kokhala ndi mkombero wakuda kumapeto kwina. Mkombero umenewu ndiwo umasonyeza kumene diode yayang'ana. Madiode onse ayenera kuyang'ana mbali imodzi, ndipo imodzi ikatembenuzidwa, batani lake silidzagwira nchito.

Palinso bvuto lina laling'ono. Tizitsulo ta mkati mwa swichi tikagundana, timanjanja kangapo tisanakhazikike. Pakadapanda kusamala, kukanikiza kamodzi kukadatulutsa zilembo ziwiri kapena zitatu. Pofuna kupewa zimenezi, pulogramu ya m'kacipangizo imadikira kanthawi kocepa, nthawi zambiri magawo 5 mwa magawo 1,000 a sekondi, isanabvomereze kuti batani lakanikizidwadi.

M'mene nchito imayendera

Wodziwa amayamba ndi pepala, osati waya. Amaika dzanja pa pepala momasuka, n'kulemba pamene nsonga ya cala ciliconse yagwera. Kenaka amapinda ndi kutambasula zala kuti aone njira imene cala ciliconse cimayenda. Zala sizofanana kutalika, motero mzere wotsika wa cala capakati umasendezedwa kutsogolo, ndipo wa kacala kakang'ono umabwezedwa kumbuyo. Apa ndi pamene pagona phindu lonse la kudzipangira, cifukwa miyeso yake ndi ya dzanja la mwini wake.

Ambiri amayamba ayesa pulani yao pa katoni. Amaboola katoni, kulowetsamo maswichi, n'kuyeserera kutaipa kwa masiku angapo. Kusuntha bowo pa katoni sikudya ndalama, koma kusindikizanso cikombole ca pulasitiki kumatenga maola ambiri.

Mbale yeniyeni ikakonzeka, maswichi amalowetsedwa, ndipo mbaleyo imatembenuzidwa. Mwendo umodzi wa diode umakulungidwa pa mwendo wa swichi n'kuwocherera. Miyendo yotsala ya madiode imapindidwa ndi kulumikizana, kapena kulumikizidwa ku waya umodzi, kuti ipange mzere wopingasa. Zikatero, waya wina amadutsa pa miyendo yaciwiri ya maswichi kupanga mizere yotsika. Pamene mawaya a mizere iwiriyi apingasana payenera kukhala cochinga, apo ayi kiyibodi imayamba kutulutsa zilembo zimene munthu sanalembe.

Pa kiyibodi ya mabatani 42, malo owocherera amapitirira 120. Amisiri amalangiza kuyeza ndi mita mzere uliwonse ukangotha, m'malo modikira kumapeto, cifukwa kufunafuna malo amodzi osagwira bwino pakati pa mawaya onsewo ndi nchito yotopetsa. Potsiriza, waya mmodzi wocokera ku mzere uliwonse amapita ku kacipangizo kolamulira, ndipo munthu ayenera kulemba pa pepala malo amene waya aliyense walowa.

Ena angafunse cifukwa cosagwiritsira nchito bolodi lopangidwa kale ku fakitale. Bolodi lotero ndi lathyathyathya, motero silingatsatire kiyibodi yolowa mkati ngati mbale. Ndiponso likapangidwa silisinthika. Wolumikiza pamanja akaona kuti batani la cala cacikulu lili patali, amangolisuntha ndi kuonjezera waya.

Pulogramu imene imapatsa mabatani maina

Kiyibodi ikatha kulumikizidwa imakhala isanadziwe kanthu. Pamafunika kuikamo pulogramu. Yodziwika kwambiri ndi QMK, imene Jack Humbert anayambitsa potengera pulogramu ina yochedwa TMK, yolembedwa ndi katswiri wa ku Japan. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woisintha. Makiyibodi opanda cingwe, olumikizana ndi kompyuta kudzera pa Bluetooth, ambiri amagwiritsa nchito ina yochedwa ZMK, imene inayamba mu 2020.

Munthu amauza pulogramuyo malo amene waya wa mzere uliwonse walowa, mbali imene madiode ayang'ana, ndi nchito ya batani lililonse. Zikalowa m'kacipangizo, kiyibodi imagwira pa kompyuta iliyonse yokhala ndi USB popanda kuikamo cina ciliconse.

M'pofunika kudziwa kuti kiyibodi situmiza zilembo ku kompyuta. Imatumiza nambala ya batani, ndipo kompyuta ndiyo imasankha cilembo malinga ndi cinenero cimene anaiikira. Ndi cifukwa cake m'maofesi ambiri munthu akafuna kulemba cizindikiro ca @ nthawi zina pamatuluka cina: kiyibodi ndi ya ndondomeko ya ku Britain pomwe kompyuta anaiikira ya ku America, kapena mosinthanitsa.

Mabatani 42 angakwane bwanji?

Aliyense amadziwa kuti batani la Shift limapatsa mabatani ena nchito yaciwiri: cilembo cacing'ono cimasanduka cacikulu, nambala imasanduka cizindikiro. Opanga makiyibodi ang'onoang'ono anangoonjezera mabatani ena otere, n'kuwaika pansi pa zala zazikulu. Munthu akagwira batani limodzi, mzere wapakati umasanduka manambala. Akagwira lina, mabatani a pansi pa dzanja lamanja amasanduka mibvi yoyendetsera. M'malo moti dzanja lipite kukafuna batani kutali, batanilo limabwera pamene pali cala. Pa kiyibodi yotere, mabatani ambiri amakhala moyandikana ndi pamene cala cimapumira.

Ufulu umenewu uli ndi tanthauzo kwa olemba m'zinenero zathu. QWERTY inakonzedwa poganizira Cingelezi. M'Cinyanja pafupifupi liu lililonse limathera ndi vawelo, ndipo cilembo ca A cimapezeka paliponse, koma pa kiyibodi wamba cili pansi pa kacala kakang'ono ka kumanzere. Mavawelo ena anai, E, I, O ndi U, onse ali pa mzere wapamwamba. Zilembo za Q ndi X, zimene mau a Cinyanja sazifuna, zili ndi mabatani aoao, pomwe cilembo ca ŵ, cimene cimapezeka m'mabuku ambiri a Cicewa, cilibe batani. Kacizindikiro kamene timalemba m'mau monga ng'ombe ndi m'nyumba kali kumapeto, kwa kacala kofooka. Wodzipangira kiyibodi angathe kusuntha zonsezi monga afunira, ngakhale kuti kuika ŵ kumafuna kuti kompyutayo nayo ikonzedwe kuti icilandire.

Komabe kusintha kulikonse kuli ndi mtengo wake. Amene wazolowera kiyibodi wamba amabwerera mmbuyo pa liwiro masiku oyamba, ndipo zala zimatenga milungu ingapo kuti zizolowere. Kusinthiratu ndondomeko ya zilembo, monga kupita ku Dvorak kapena ku Colemak imene inatuluka mu 2006, kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndi cifukwa cake ambiri amayamba asintha maonekedwe okha, zilembo n'kuzisiya m'malo mwake.

Mtengo ndi zoyenera kusamala

Luso limeneli si njira yopulumutsira ndalama. Maswichi, zibvundikiro ndi tizipangizo tolamulira zikaphatikizidwa, mtengo wake umaposa kangapo wa kiyibodi wamba ya m'sitolo. Kwa amene ali kuno kwathu, zambiri mwa zinthuzi zimayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo pamaonjezeka ndalama zotumizira ndi msonkho. Pali njira zocepetsera: waya angacokere m'cingwe cakale ca netiweki, cimene cili ndi mawaya 8 a mkuwa mkati, mbale ingakhale ya thabwa, ndipo maswichi angacotsedwe m'kiyibodi yakale ya mtundu womwewo. Makiyibodi a mphira a m'maofesi alibe maswichi oti n'kucotsa.

Magetsi a USB ndi mavoti 5 cabe, ndipo sangabvulaze munthu. Ngozi ili pa kuwocherera. Solda wosakaniza tin ndi mtovu amasungunuka pa madigiri 183, ndipo nsonga ya soldering iron imatentha kupitirira madigiri 300. Utsi umene umatuluka umacokera ku utomoni umene uli mkati mwa solda, ndipo kuupuma kawirikawiri kungayambitse cifuwa ca mphumu. Motero mazenera akhale otsegula.

Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja opita kukamwa. Anthu a m'Zambia amadziwa kuopsa kwake cifukwa ca Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu wotsala m'dothi ukubvutitsabe ana. Wowocherera asadye pa thebulo la nchito, asambe m'manja ndi sopo akatsiriza, ndipo ana asamasewere ndi tizidutswa ta solda. Palinso solda wopanda mtovu, ngakhale kuti amafuna kutentha kokulirapo.

Zolakwa zina zimaononga zipangizo. Cingwe columikiza mbali ziwiri za kiyibodi nthawi zambiri cimakhala cofanana ndi ca mahedifoni, ndipo kucizula kapena kucilowetsa kiyibodi ili pa magetsi kungaphe kacipangizo kolamulira. Polowera cingwe ca USB pa Pro Micro za mtundu wakale pamathyoka msanga, ndipo ambiri amalimbitsapo ndi guluu asanayambe kugwiritsa nchito. Makiyibodi opanda cingwe amakhala ndi batire ya lithium, imene ingayake ikabooledwa kapena ikapanikizidwa.

Kodi imaciritsa manja?

Pa funso limeneli m'pofunika kunena zoona. Kafukufuku waonetsa kuti kiyibodi yogawika ndi yokwezedwa pakati imacepetsa kupindika kwa dzanja ndi kupotoka kwa mkono. Koma umboni wakuti kiyibodi payokha imaciritsa kapena kuteteza matenda a m'manja ndi wosakwanira. Kupanikizika kwa mtsempha wa pamfundo ya dzanja kuli ndi zoyambitsa zina zambiri, monga matenda a shuga, nyamakazi, kukhala ndi pakati ndi mabvuto a cithokomiro.

Msinkhu wa mpando ndi thebulo, kukhala kwa mapewa, ndi kupumira pakati pa nchito n'zofunika mofanana ndi kiyibodi, ndipo zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Amene akumva dzanzi losatha, amene amadzuka usiku cifukwa ca ululu wa m'manja, kapena amene zinthu zayamba kumpulumuka m'manja, apite ku cipatala msanga. Mtsempha ukapanikizika kwa nthawi yaitali ungaonongeke kotheratu, ndipo palibe kiyibodi imene ingaubwezeretse.

Cimene luso limeneli limapereka mosakayikitsa ndi cida cogwirizana ndi mwini wake, ndiponso cokonzeka cikaonongeka. Kiyibodi ya mphira ikafa batani limodzi, kawirikawiri yonse imatayidwa. Yolumikizidwa pamanja, mwini wake amadziwa waya aliyense. Amacotsa swichi yakufayo n'kuikapo ina m'mphindi zocepa. Luso lomweli lathandizanso anthu amene ali ndi dzanja limodzi kapena zala zopereŵera, amene sitolo ilibe kiyibodi yowayenera.

Kwa wacinyamata amene afuna kuphunzira za magetsi, amisiri amalangiza kuyamba ndi kanthu kakang'ono: mabatani 9, m'mizere itatu yopingasa ndi itatu yotsika, madiode 9, mawaya 6 ndi kacipangizo kamodzi. Zonse zimene zafotokozedwa m'nkhani ino zimapezeka m'kakiyibodi kameneko, ndipo amene wakwanitsa kukapanga angathe kupanga ya mabatani 42 kapena 60 potsatira njira yomweyo.